John Q: kodi bambo uja analakwa kapena ayi?

Bambo a Tamanda:
Moni nonse m'gulu muno. Dzulo usiku ana atagona, ine ndi mayi akunyumba tinaonera John Q, filimu ya Denzel Washington ija ya 2002. Aka kanali kachitatu kuionera, koma koyamba chikhalireni bambo, ndipo yandilowa mosiyana. Amene simunaionere pepani, ndiulula mpaka mathero.

John Archibald amagwira ntchito m'fakitale ku Chicago. Ntchito yachepa, akumugwiritsa maola 20 okha pa sabata, ndipo filimu ikungoyamba kumene angongole akudzakoka galimoto pakhomo. Mwana wake mmodzi yekhayo, Mike, akugwa pabwalo akusewera baseball. Kuchipatala akuti mtima wa mwanayo watupa, watopa, pakufunika kumuika wina. Mtengo wake $250,000, ndipo kuti dzina lake lingolembedwa pa mndandanda wa odikira mtima, apereke kaye $75,000. John akuti musadandaule, ndili ndi inshuwalansi ya kuntchito. Kupita kukafunsa, akupeza kuti abwana anaisintha kalekale, tsopano imathera pa $20,000. Akugulitsa katundu wa m'nyumba, a kutchalitchi akusonkha, akuyenda ofesi ndi ofesi, ndalama osakwana. Kenako chipatala chikuti mwanayo titulutsa, akamwalirire kunyumba. Mkazi wake Denise akuimba foni akulira, akuti chitapo kanthu. John akutenga mfuti, akumanga zitseko za chipinda cha odwala mwadzidzidzi ndi maunyolo, anthu ali momwemo, dokotala wa mtima ali momwemo.

Mayi akunyumba akuti iwo akanachita chimodzimodzi osaphethira n'komwe. Ine mtima wanga uli pawiri. M'chipindamo munali mayi woyembekezera, munali mayi wina ndi khanda, munali munthu wochucha magazi. Anthu amenewa anamulakwira chiyani? Tinakangana mpaka tulo kutithawa. Ndithandizeni maganizo.

Nangozo:
Abambo a Tamanda, auzeni amayiwo kuti ndili mbali yawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu wayesa njira zonse zaulemu, wagwada, wapempha, wadzaza mafomu, onse akungomuuza kuti pepani. Mumafuna atani, apite kukagula bokosi mwana akupuma?

Yamikani wa ku Ndirande:
Komanso musaiwale kuti mfutiyo inalibe zipolopolo. Nthawi yonse ija anangonyamula chitsulo chabe. Chipolopolo chinali chimodzi, m'thumba, ndipo chinali chake iye mwini. Sanafune kupha aliyense. Ine ndinaionera ku vidiyo sho ndili mnyamata, pamene anaulula zimenezi holo yonse inaombera m'manja.

Namwino ku Leeds:
Achimwene Yamikani, ndikumvani, koma ndiloleni ndiyankhule ngati munthu amene waimapo mbali inayo ya tebulo. Inu mukudziwa kuti mfuti inali yopanda kanthu chifukwa mwaona mathero. Namwino amene waiona pamphuno pake sakudziwa. Kwa iyeyo imfa yafika basi, akuganiza za ana ake amene wawasiya kunyumba m'mawa.

Ndisanabwere kuno ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu kumudzi, pachipatala china chimene sinditchula. Usiku wina bambo anabwera ndi mwana wa malungo aakulu, maso ali mbee, magazi atatha. M'filiji munalibe magazi a gulu lake. Ndinamufotokozera kuti tatumiza uthenga, tikudikira. Bamboyo anandigwira yunifomu pakhosi n'kundikankhira kukhoma, akuti ndikubisa magazi kuti ndigulitse kwa olemera. Analibe mfuti, analibe mpeni, manja okha. Mpaka lero munthu akakweza mawu m'wodi thupi langa limazizira. Sindinamusungire chakukhosi, mwana wake anali kupita ndipo iye amaona. Koma ine sindinali mdani wake. Ndinali ndekha usiku umenewo ndi ana oposa makumi anayi.

Chimene filimuyi imandipweteka nacho n'chakuti ogwidwa aja pomaliza onse akusanduka anzake a John, akuseka naye, akumuikira kumbuyo kwa atolankhani. Moyo weniweni sutero. Munthu amene wakuopseza umatha kumumvera chisoni, koma mantha aja umapita nawo kunyumba.

Nangozo:
Pepani asisi. Mwanayo anapulumuka?

Namwino ku Leeds:
Ayi achemwali. Magazi anafika m'mawa.

Aphunzitsi Opuma:
Ana anga, ndawerenga zonse. Ndikufuna ndikukumbutseni chinthu chimodzi chokhudza nthawi. Filimuyi inatuluka ku America mu February 2002. Mwezi womwewo kuno kwathu njala inali itafika pachimake, moti kumapeto kwa mweziwo a Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi. Achinyamata ena m'gulu muno munali makanda. Ine ndinali kuphunzitsa m'boma la Kasungu, kalasi ya ana 90 inatsala ndi ana osakwana 20. Anthu anadya madeya, anadya mizu ya nthochi, anadya chimanga chosakhwima.

Pa nthawi imeneyo tinali nawo a John Q athu ambirimbiri, kungoti panalibe kamera. Bambo ankalowa m'munda mwa mnzake usiku kukathyola zisononkho zingapo kuti ana alawe kanthu. Akagwidwa, ena anamenyedwa mpaka kulumala, ena anadulidwa ziwalo, ena anaphedwa. Ndipo mwini munda amene wagona kumunda ndi chikwanje uja nayenso anali bambo, nayenso ana ake amayembekezera chimanga chomwecho. Ndinawadziwa a mbali zonse ziwiri. Ena tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Nchifukwa chake ndikamaonera filimu imeneyi sindithamangira kuomba m'manja. Opanga filimu anamufewetsera John nkhani. Anamupatsa adani ooneka bwino: mayi woyendetsa chipatala wouma mtima uja, Rebecca Payne, ndi mkulu wa apolisi wokonda makamera. Ukakhala ndi mdani wotero n'kosavuta kudziwa mbali yoima. Koma kawirikawiri amene umamulanda kuti mwana wako akhale ndi moyo amakhala wosauka mnzako.

Bambo a Tamanda:
Aphunzitsi, mwandichotsa mawu m'kamwa. Ndi zomwe ndimalephera kuwafotokozera amayi usiku uja. Pali funso lina limene landikhala pakhosi: mtima umene Mike analandira uja, pa mndandandawo panalibe mwana wina amene amaudikira? Bambo wake wa mwana ameneyo, amene sanatenge mfuti, anauzidwa chiyani?

Yamikani wa ku Ndirande:
Koma abambo, filimu inasonyeza kuti mtimawo unagwirizana ndi Mike. Unali wa mayi uja wa galimoto yoyera amene anagundana ndi thiraki kumayambiriro. Sikuti John analanda mtima wa wina, iye amangofuna dzina lilembedwe ngati ana ena onse. Cholepheretsa chinali ndalama basi. Ndiye tinene kuti mwana wa munthu wolemera yekha ndiye woyenera kulembedwa?

Namwino ku Leeds:
Apa Yamikani wanena zoona. Kumene kuli mndandanda wotere, mtima supita kwa amene anayamba kufika ngati pamzere wa chigayo. Amaona gulu la magazi, kukula kwa thupi, kudwalika kwa munthu, ndi mtunda, chifukwa mtima ukachotsedwa umafunika kuikidwa mkati mwa maola anayi kapena kupitirira pang'ono. Ndiye mwana amene watsala madzi amodzi ngati Mike akhoza kukwera pamwamba mwachilungamo. Cholakwika chinali kumutsekera pakhomo chifukwa cha $75,000.

Koma pali ziwiri zimene filimu imadumpha. Choyamba, pamene John akuti ndidziwombere mutenge mtima wanga, ndipo Dr. Turner, dokotala wa mtima uja, akuvomera. Palibe dokotala amene angaloledwe kuvomera zimenezo. Chiwalo ngati mtima chimatengedwa kwa munthu amene wamwalira kale, osati amene wapangana nawe kuti afe. Chachiwiri, opaleshoni si mathero. Woikidwa mtima amamwa mankhwala moyo wake wonse kuti thupi lisaukane, ndipo mankhwalawo ndi odula. Mike akutuluka m'chipatala, bambo akupita kundende, mayi ndi wa kantchito kochepa. Mankhwala agula ndani? Filimu ikutha isanafike pamenepo, koma banja lenileni mavuto ake amayambira pomwepo.

Malume ku Cape Town:
Ndilowe nawo. Ine ndimagwira ntchito kufupi ndi Groote Schuur, chipatala chimene Christiaan Barnard anachitira opaleshoni yoyamba padziko lonse yoika munthu mtima wa wina, pa 3 December 1967. Wodwalayo, Louis Washkansky, anakhala masiku 18. Mtimawo unali wa mtsikana amene anagundidwa ndi galimoto, ndipo amene anavomereza kuti autenge anali bambo wake, tsiku lomwelo atataya mkazi wakenso pa ngozi yomweyo. Ndikamadutsa pamenepo ndimaganiza za bambo ameneyo. M'filimu ya John Q nayenso mayi wa galimoto uja anali mwana wa munthu. Pamene ife tikusangalala kuti helikoputala yafika ndi mtima, kwina kwake kuli maliro. Filimu sinatiuze ngakhale dzina lake.

Nangozo:
Nonse mukulankhula zanzeru, koma mukulankhula mutakhala pansi, ana anu ali bwino. Ine ndikuti pa ola limenelo mutu sugwira ntchito ngati mmene mukuwerengera apamu. Pamene John akunena kuti iye saika mwana wake m'manda, mwana ndiye adzaike iye, ine ndinazimitsa TV kaye. Ndinaika mwana wanga woyamba mu 2011. Kukanakhala khomo loti ndiligumule, ndikanaligumula, ndipo sindikanafunsa kuti kuseri kwake kuli ndani.

Aphunzitsi Opuma:
Pepa mwana wanga. Palibe amene akukutsutsa pa zimenezo. Ndi katundu amene sitingakusenzere.

Nabanda wa Pamsika:
Ndakhala chete kuyambira m'mawa, ndimalemba n'kufufuta. Koma poti a Nangozo atsegula mtima, nanenso ndinene.

Ine ndinali msungichuma wa banki mkhonde yathu, amayi 18, ambiri ogulitsa tomato ndi kaunjika. Bokosi limagona kwanga, makiyi atatu ali ndi amayi ena atatu. Inali November, kutatsala milungu itatu kuti tigawane. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zitatu pa nthawiyo, anayamba kubanika usiku. Kuchipatala chaching'ono anati chibayo chakula, pitani msanga ku chachikulu, koma ambulansi ilibe mafuta. Bambo ake anali ku Joni, foni osagwira. Ndinagogoda makomo anayi. Wina anandipatsa K2,000, wina anati bwerani mawa. Wa katapila anati usiku sakongoza. Wagalimoto anati popanda ndalama m'manja sadzutsa injini.

Ndinabwerera m'nyumba, ndinatenga mpini wa khasu n'kuswa loko zonse zitatu. Ndinatengamo K85,000. Sindinawerenge kawiri, manja amanjenjemera. Mwana anafika, anamuika pa okosijeni, anakhala masiku asanu ndi anayi.

Tsiku la msonkhano ndinanyamula bokosi lothyokalo pamutu, ndinakaliika pakati pa mkeka n'kugwada. Ndinanena zonse. Amayi ena analira nane. Koma mayi mmodzi wachikulire, wamasiye, sananene kanthu nthawi yaitali. Kenako anati, "Nabanda, ndalama imeneyo ndimayembekezera kukongola lero kuti ndigule feteleza, mvula yagwa kale." Sanakalipe. Chaka chimenecho anabzala wopanda feteleza wokwanira, ndipo ndikudziwa kuti nkhokwe yake inatha msanga, chifukwa zidzukulu zake ndinaziona zikupita kuganyu mwezi wa January.

Ndalama ndinabweza yonse ndi chiwongoladzanja, inanditengera miyezi isanu ndi iwiri. Mukandifunsa ngati ndingaswenso bokosilo, ndikuyankhani kuti eya, usiku womwewo, ndi mpini womwewo. Mukandifunsa ngati ndinalakwa, ndikuyankhaninso kuti eya. Zonse ziwiri ndi zoona ndipo ndimagona nazo. Chimene ndinakonda mwa John n'chakuti sanathawe. Mmodzi wa ogwidwa aja atavala zovala za John n'kutuluka kuti apolisi agwire iyeyo, John anangofuna kuona opaleshoni ya mwana wake ithe, kenako anapereka manja.

Namwino ku Leeds:
Amayi Nabanda, zikomo potikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Ndalira ndili pa basi.

Yamikani wa ku Ndirande:
Amayi, ine sindikuona cholakwa chanu. Wolakwa ndi amene anasiya ambulansi yopanda mafuta.

Nabanda wa Pamsika:
Mwana wanga, ameneyo ali ndi mlandu wake, waukulu kuposa wanga. Koma loko anaswa ndine, ndipo amene anagona ndi njala si iyeyo. Ukandichotsera mlandu wonse ndiye kuti wawachotsa mayi amasiye aja m'nkhaniyi, ngati sanaliko.

Che Jafali:
Salaam nonse. Ndimafuna ndiwonjeze za khoti, poti palibe amene wazitchula. M'filimu John anamupeza wosalakwa pa mlandu wofuna kupha, koma wolakwa pa mlandu wotsekera anthu mokakamiza. Loya wake akumuuza kuti akhala zaka zochepa chabe. Ine ndikuona kuti pamenepa olemba anachita bwino. Akanamumasula kotheratu, bwenzi akutiuza kuti aliyense amene mwana wake wadwala atenge chida. Akanamupatsa moyo wonse m'ndende, bwenzi tikuti dziko lilibe mtima.

Koma tisanamizane kuti zimatha choncho. Usiku wa 31 December 1999, ku Toronto m'dziko la Canada, bambo wina anagwira dokotala m'chipinda cha odwala mwadzidzidzi, akufuna kuti khanda lake lionedwe msanga. Mfuti imene ananyamula sinali yeniyeni ya zipolopolo. Apolisi anamuwombera, anafera pomwepo. Mwana amene amamumenyera nkhondoyo anakula wopanda bambo. Mbali ina ya John Q anaijambula mumzinda womwewo. M'filimu wapolisi wobisala padenga uja anangomukanda John paphewa, koma kunja kuno saphonya kawirikawiri.

Aphunzitsi Opuma:
Che Jafali mwachita bwino kutikumbutsa. Ndionjeze kuti amene anatsogolera kujambula filimuyi, Nick Cassavetes, mwana wake wamkazi anabadwa ndi vuto la mtima, ndipo filimuyi anaipereka kwa iyeyo. Nchifukwa chake ukali wake ukumveka kuti ndi wochokera m'mimba. Akatswiri olemba za mafilimu ambiri sanaikonde, ankati ikulalikira kwambiri, koma anthu wamba anakhamukira kukaionera. Anthu a ku America ankadziwa ululu umenewo. Kwawoko kuli lamulo la 1986 lokakamiza chipatala kuthandiza aliyense wobwera mwadzidzidzi mpaka akhazikike, koma silikakamiza kumuika mtima. Mpata umenewo ndi umene Mike anagweramo. Mu 2010, nthawi ya Barack Obama, anakhazikitsa lamulo loletsa makampani a inshuwalansi kukana munthu chifukwa choti anali wodwala kale, komanso kuika malire a ndalama zimene angamulipirire pa moyo wake wonse. Zimenezo sizinabwere ndi mfuti ya munthu mmodzi. Zinatenga zaka za mikangano ndi mavoti.

Malume ku Cape Town:
Ndipo kwathu nkhani yake ndi ina. John ankamenyana ndi chitseko chotseka, koma kuseri kwake dokotala analipo, makina analipo. Kwathu chipatala cha boma sichikufunsa $75,000, koma opaleshoni yoika mtima sichitika n'komwe. Mwana wa vuto lalikulu la mtima amadikira kuti atumizidwe kunja, nthawi zambiri ku India, ndipo makolo amayenda ndi makalata, kupempha pa wailesi ndi pa Facebook. Ungaloze mfuti ndani? Ngakhale utatseka zitseko zonse, chimene ukufunacho mulibe m'nyumbamo.

Nangozo:
Nchifukwa chake ndikaona chithunzi cha mwana pa Facebook ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, ndimatumiza ngakhale K1,000. Ena amati mwina ndi akuba. Mwina. Ndimafunsa kaye kwa odziwa banjalo, ndikatsimikiza ndimatumiza.

Namwino ku Leeds:
Ndipo amene muli ndi thanzi, kapatseni magazi. A Malawi Blood Transfusion Service amayenda m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo magazi amasowa kwambiri ana asukulu akatsekera, nthawi yomwe malungo akuvutanso. Bambo amene anandigwira pakhosi uja sankafuna mtima wa $250,000. Ankafuna paketi imodzi.

Bambo a Tamanda:
Ndabwera kuchokera kuntchito, ndawerenga zonse kawiri. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinapita ku ofesi yoona za antchito kukafunsa kuti sikimu yathu ya chipatala imalipira mpaka pati, ndipo ana anga awiri alimo kapena ayi. Zaka zisanu ndi chimodzi akundidula pa malipiro, ndinali ndisanafunsepo. Wamng'onoyo sanalembedwe. Ndatenga fomu, mawa ndikapereka.

Mayi akunyumba nawonso awerenga. Sanasinthe maganizo, akuti akanatsekabe zitseko zija. Koma atafika pa nkhani ya a Nabanda anaika foni pansi nthawi yaitali. Iwonso ali m'banki mkhonde. Andituma ndifunse: amayi Nabanda, gulu lija mudakali nalo? Nanga mayi amasiye aja mumalankhulana?

Nabanda wa Pamsika:
Ndidakali nalo, koma bokosi amasunga wina, ndinapempha ndekha. Chaka chotsatira tinagwirizana zoika kathumba kapadera ka matenda, aliyense K500 pa sabata, kamene munthu angatenge usiku popanda kudikira makiyi atatu, bola adziwitse amayi awiri. Amene anayambitsa ganizo limenelo ndi mayi amasiye omwe aja. Timalankhulana, ndimawapatsa moni, amayankha bwino, koma nkhani ya feteleza sitinaikambenso. Mwanayo ali Sitandade 6 tsopano. Sindinamuuzebe.